Njala ndi Maina Ake

Mlimi akafuna kugwetsa mtengo satenga khasu, ndipo mai akafuna kupeta cimanga satenga munsi. Mwana aliyense wa pamudzi adziŵa zimenezi asanayambe n'komwe sukulu. Koma mwana yemweyo akakula, nakhala pansi kuti alembe nkhani ya maphunziro ake m'Cingelezi, kaŵiri-kaŵiri aiŵala kuti mau naonso ali ndi nchito zao zosiyana. Atola liu liri lonse limene lamveka lalikulu, naliika pa pepala, naganiza kuti watha. Cizoloŵezi cimeneci ciopsa makamaka pamene munthu alemba za mabvuto a anthu, pakuti pamenepo liu lolakwika likhoza kusokeretsa oŵerenga, kapena kupaka mlandu anthu osalakwa. Nkhani ino ndi ya mtsikana wina wa ku Katete amene anaphunzira zimenezi mobvutikira ndithu.

Mtsikanayo analeredwa ndi ambuya ake, amai a mai wake, pa mudzi wina wa Aceŵa m'Cigawo ca Kum'maŵa. Anali mwana wakhama pa maphunziro, ndipo pa sukulu ya sekondale anachuka cifukwa ca Cingelezi cake. Aphunzitsi anali kuŵerenga nkhani zake pamaso pa anzake, cifukwa anali kudziŵa mau atali-atali amene enawo anali asanawamvepo. Atatsiriza sukulu anapeza malo pa koleji ina ya zaulimi mu Lusaka. Kumeneko, monga m'makoleji ena a m'Zambia, maphunziro ndi a m'Cingelezi, pakuti ndico cinenero ca boma. Ndipo wophunzira asanalandire setifiketi ayenera kufufuza cinthu cina, nalemba lipoti la zimene wapeza.

Caka ca 2024 cinali caka ca cilala. Mvula inayamba, anthu nabzala, koma m'mwezi wa January inadula cimanga ciri pafupi kumasula, ndipo dzuŵa linaŵala masabata ambiri osaleka. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Anafotokoza kuti maboma 84 pa maboma 116 a m'dziko anakhudzidwa, ndi kuti pa mahekitala 2.2 miliyoni obzalidwa cimanga, pafupi-fupi miliyoni imodzi anaonongeka. Nthaŵi yokolola itafika, dziko lonse linapeza cimanga ca matani 1.5 miliyoni okha, osafika ndi theka lomwe la zokolola za caka ca 2023. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo m'mizinda magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse.

Tsono mtsikanayo anasankha kulemba za cilalaco monga cinagwera mudzi wa kwao. Mwezi wa November anakwera basi, napita kukaona ndi maso ake. Zimene anapeza zinamgwetsa nkhope. Nkhokwe zinali zopanda kanthu, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Mabanja ambiri anali kudya kamodzi pa tsiku, madzulo okha, kuti ana apeze tulo. Ena anali kuphika mango aaŵisi, ena nsima ya gaga. Amuna anali kuyenda mitunda yaitali kufuna maganyu, ndipo mbuzi, nkhumba ndi njinga zinali kugulitsidwa pa mtengo wozizira. Ambuya ake omwe, amene kale mlendo sanali kucoka pakhomo pao wosadya, anamlandira ndi manyazi, cifukwa analibe nkhuku yomphera. Mtsikanayo anayenda khomo ndi khomo, nafunsa mafunso, nalemba zonse m'kabuku kake.

Atabwerera ku Lusaka anayamba kulemba lipoti lake usiku, pa kuunika kwa kandulo. Mumtima mwake munali liu limodzi lokha, ndilo njala. Koma pofuna kuliika m'Cingelezi anapeza kuti kumeneko liri ndi maina ambiri. Liu loti “hunger” analiona ngati lacabe, loyenera mwana amene waphonya cakudya ca masana. Anafuna liu lolemera monga cisoni cake, ndipo anasankha “famine”. Ciganizo cake coyamba cinali cotere: “There is famine in my village because the farmers failed to harvest and there is a serious shortage of food.” Ataciŵerenga kaŵiri anakhutira, naganiza kuti aliyense wociona adzagwidwa cifundo.

Mphunzitsi wake anali munthu wacikulire, wa imvi, wosalankhula-lankhula, amene anagwira nchito zaka zambiri pakati pa alimi. Patapita mlungu umodzi lipotilo linabwerako. M'ciganizo coyamba comweco munali mizere itatu ya inki yofiira, pansi pa “famine”, pansi pa “failed” ndi pansi pa “shortage”. Pambali panalembedwa funso limodzi lofunsa ngati iye anatsimikiza. Mtsikanayo anapsa mtima, napita ku ofesi ya mphunzitsiyo.

“Aphunzitsi,” anatero ataima pakhomo, “kodi Cingelezi canga calakwa pati? Mau onsewa ali m'buku lomasulira mau, ndipo ndawalemba bwino-bwino.”

“Kalembedwe kake kalibe colakwa, mwana wanga,” anayankha mkuluyo. “Cimene ndifunsa ndi ici: kodi mau amenewa anena zimene unaona, kapena anena zimene unamva mumtima?”

“Njala ndinaiona ndi maso angawa. Ambuya anga adya kamodzi pa tsiku.”

“Sindikana. Khala pansi, tiyambe ndi liu loyambalo.”

Pamenepo mkuluyo anamfotokozera kuti kwa anthu amene nchito yao ndi kuyeza njala, “famine” si liu losonyeza cisoni, koma ndi muyeso. Pali njira yoyezera imene achula mwacidule kuti IPC, imene inayambidwa ku Somalia m'caka ca 2004 ndi anchito a bungwe la FAO, loona za cakudya ndi ulimi pa dziko lonse lapansi. Njirayi igaŵa kusoŵa kwa cakudya m'makwerero asanu. Khwerero lacitatu alicha “crisis”, lacinai “emergency”, ndipo “famine” ndilo lacisanu, lotsiriza. Dera silichedwa dzina limenelo kufikira zinthu zitatu zitaoneka pamodzi: banja limodzi pa mabanja asanu ali onse lasoŵeratu cakudya, ana 30 pa ana 100 ali onse aonda koopsa, ndipo anthu aŵiri pa anthu 10,000 ali onse amwalira tsiku ndi tsiku. Umo ndimo zinaliri ku Somalia m'caka ca 2011, kumene anthu pafupi-fupi 260,000 anafa, theka la iwo ana osafika zaka zisanu. M'Zambia, kumapeto kwa 2024, oyesa anapeza kuti anthu oposa 5 miliyoni anali pa khwerero lacitatu kapena lacinai, ciŵerengero coopsa ndithu; koma panalibe dera limene linafika pa khwerero lacisanu.

“Munthu wodziŵa muyeso umenewu,” anatero mphunzitsiyo, “akaŵerenga ciganizo cako coyamba adzafuna ciŵerengero ca maliro. Akapanda kucipeza adzaleka kukukhulupirira, ndipo zoona zonse zimene walemba m'masamba otsatira zidzatayika pamodzi ndi liu limodzilo. Ndiponso, tikalicha dzina limeneli caka ciri conse cobvuta, tsiku limene cidzafika cirombo ceni-ceni tidzafuula ndi liu liti?”

Mtsikanayo anaturuka wosakondwa. Anaganiza kuti anthu ophunzira ndi ouma mtima, okonda ziŵerengero koposa anthu. Ndipo monga acita munthu amene wapsa ndi phala, anayamba kuuzira ndi madzi ozizira omwe. Anafafaniza mau onse amphamvu, naikapo mau ofeŵa amene anazoloŵera kuwamva pa wailesi ndi pa misonkhano. Analemba kuti mudzi wa kwao unali ndi “some challenges” ndi “food issues”. Anati mumtima mwake, apa palibe amene adzanditsutsa.

Lipotilo linabweranso ndi inki yofiira yoposa poyamba. Ulendo uno mkuluyo ndiye anaoneka wokwiya. Anamuuza kuti “challenge” ndi cinthu cimene ciitana munthu kuti ayese mphamvu zake, monga mayeso kapena mpikisano wothamanga, ndipo munthu akhoza kucilandira mokondwa. Mwana wogona ndi njala sanaitanidwe ku mpikisano uli wonse. “Issue” ndi nkhani imene anthu akambirana nasiyana maganizo, monga mlandu pa bwalo. Koma nkhokwe yopanda cimanga si nkhani yotsutsana. Liu loti “problem”, limene ambiri aliopa masiku ano ngati ndi lamwano, ndi liu loona mtima, pakuti linena poyera kuti pali coipa cofunika kucikonza. Anamkumbutsanso za mlembi wa ku England, George Orwell, amene m'caka ca 1946 analemba nkhani yochedwa Politics and the English Language, mmene anacenjeza kuti mau ofeŵa ndi osamveka bwino ndiwo agwiritsidwa nchito pobisa zinthu zonyansa.

“Poyamba unakulitsa, tsopano wabisa,” anatero. “Zonse ziŵiri ndi bodza, koma laciŵirili ndilo loipa koposa, cifukwa wamkulu wa mu ofesi akaliŵerenga adzagona tulo tabwino.”

Mau amenewa anamlasa mtsikanayo, ndipo kuyambira tsiku limenelo analeka kukangana, nayamba kufunsa, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Anafunsa za mzere waciŵiri, wa pansi pa “failed”. Iye anali ataganiza m'Cinyanja kuti alimi analephera kukolola, ndipo m'Cinyanja kulephera sikupatsa munthu mlandu: wodwala alephera kudzuka, nkhalamba ilephera kusenza mtolo, ndipo palibe awadzudzula. Koma m'Cingelezi, kunena za munthu kuti “failed to” kaŵiri-kaŵiri kutanthauza kuti anayenera kucita cinthuco, koma sanacicite. Mbeu ndi mvula zikhoza kunenedwa kuti “failed” popanda cobvuta, pakuti ziribe udindo. Koma liulo likaikidwa pa alimi, mlendo woŵerenga aona anthu aulesi amene anacedwa kubzala kapena sanapalire. Mtsikanayo anakumbukira ambuya ake, amene anabzala ndi mvula yoyamba napalira kaŵiri msana uli kuŵaŵa, ndipo anacita manyazi poona kuti dzanja lake lomwe linawaneneza. Analemba tsono kuti alimiwo “lost their crop”, ndiko kuti mbeu zao zinaonongeka iwo atacita zonse zoyenera.

Mzere wacitatu unali wa “shortage”. Liu limeneli linena kuti cinthu ciripo koma capereŵera, pamene “lack” linena kuti munthu alibe cinthuco. Mphunzitsi anamfunsa funso limodzi: kodi pamene anadutsa pa msika wa pa Katete, ufa unalipo? Mtsikanayo anabvomera kuti matumba a ufa analimo m'masitolo, ndi cimanga cinali kugulitsidwa m'zitini pa msika. Koma mtengo wake unali wosafikirika kwa munthu amene sanakolole kanthu kogulitsa. Apo mkuluyo anamchulira Amartya Sen, katswiri wa zacuma wa ku India, amene ali mwana anaona njala yaikulu ya ku Bengal ya 1943. M'buku lake la 1981, lochedwa Poverty and Famines, Sen anasonyeza kuti anthu akhoza kufa ndi njala m'dziko mmene cakudya cirimo, ngati alibe njira yocipezera. M'Zambia wa 2024 zonse ziŵiri zinali zoona, koma pa malo osiyana: dziko linali ndi cimanga copereŵera, ndipo banja la pamudzi linalibe ndalama yogulira cimene cinalipo. Kusiyana kumeneku si kwa mau cabe, pakuti liu liri lonse liitana mankhwala ake. Wolemba “shortage” apempha malole a cimanga. Wolemba “could not afford” apempha nchito, ndalama ndi mtengo wotsika. Wolemba akasokoneza maina a matenda, wothandiza naye asokoneza mankhwala.

Anapitirira kuŵerenga masamba ena pamodzi. Pena mtsikanayo analemba kuti cilala “caused” ana kuleka sukulu. Mphunzitsi anamfunsa ngati anafunsa makolo a mwana aliyense. Poyang'ana m'kabuku kake anapeza kuti ena analekadi cifukwa ca njala, koma ena analeka kale mvula isanadule, ena cifukwa ca ubusa wa ng'ombe, ena cifukwa ca kutalika kwa njira. “Caused” linena kuti ici ndico cinabala ico, popanda cikaiko. “Contributed to” linena kuti ici cinathandizira pamodzi ndi zina. “Was associated with” linena kuti ziŵirizi zinaoneka pamodzi, koma wolemba sanatsimikize ngati cina cinabala cinzake. “May have” linena kuti mwina. Mau amenewa ali ngati miyeso ya pa msika, citini, mbale ndi kapu, ndipo wolemba woona mtima apereka muyeso wolingana ndi umboni umene ali nao. Kutero si mantha. Koma mkuluyo anamcenjezanso kuti asaike “may” ndi “perhaps” pa zinthu zimene anaziona ndi kuziŵerenga yekha, pakuti kukaika pa cinthu codziŵika ndi bodza lomwelo lobvala malaya a kudzicepetsa.

Panalinso liu loti “significant”, limene iye analimwaza m'lipoti monse poganiza kuti litanthauza cacikulu. M'nkhani wamba litero ndithu. Koma kwa anthu a ziŵerengero liri ndi tanthauzo lopapatiza, limene linafala ndi buku la Ronald Fisher la 1925: linena kuti kusiyana kumene kwapezeka kwayesedwa ndi masamu, ndipo kwaoneka kuti kusiyana kotere sikukanabwera kaŵiri-kaŵiri mwangozi cabe. Muyeso wozoloŵereka ndi wa kamodzi pa maulendo 20. Wophunzira amene sanacite masamu amenewo, akalemba liuli m'lipoti la zofufuza, alonjeza cinthu cimene alibe. Kuli bwino alembe “large”, kapena, koposa zonse, apereke ciŵerengero ceni-ceni, woŵerenga aweruze yekha kukula kwake.

Potsiriza mphunzitsi anafuna kudziŵa kumene iye anali kutola mau ake. Mtsikanayo anaulula kuti anali kutsegula buku la mau ofanana, nasankha liu looneka laulemu koposa. Limodzi la mabuku otere ndi la Peter Mark Roget, dokotala wa ku England, amene analisindikiza m'caka ca 1852. Ndi buku lothandiza pokumbutsa munthu liu limene laiŵalika, koma mau amene liika pamodzi ali ngati anthu a mudzi umodzi: ayandikana nyumba, koma si mapasa. “Obstacle” ndi copinga pa njira, cimene munthu akhoza kucicotsa kapena kucilambalala. “Constraint” ndi malire amene munthu agwira nchito mkati mwake, monga kucepa kwa munda. “Defect” ndi cirema ca cinthu copangidwa, monga pampu yoturuka m'fakitale ndi mng'alu. “Limitation” ndi pamene mphamvu ya cinthu ilekezera, ndipo ndilo liu limene wofufuza agwiritsa nchito pobvomera zimene kufufuza kwake sikunathe kufikira. Mkuluyo anamlangiza kuti liu liri lonse limene alikaikira aliyang'ane m'dikishonale ya ophunzira, monga ya A. S. Hornby, amene anaphunzitsa Cingelezi ku Japan, ndipo buku lake linasindikizidwa ndi a Oxford m'caka ca 1948. Ubwino wa buku lotere ndi wakuti lisonyeza liu liri pa nchito m'ciganizo, pamodzi ndi mau amene liyenda nao. Za kompyuta ndi foni, zimene masiku ano zikhoza kusalaza ciganizo m'kamphindi, iye anati zithandiza ndithu, koma sizinapiteko ku Katete, ndipo sizidziŵa ngati ufa unalimo m'sitolo kapena ai.

Mtsikanayo anamva zonsezi, koma mumtima munatsalabe kacikaiko. Anali kuganiza kuti kusanthula mau kotere ndi mwambo wa Azungu, wosayenera anthu a kwao amene anena zinthu monga ziri. Kacikaikoko kanatha pa chuthi ca masika a 2025, mvula itagwa bwino, pamene anakhala ndi ambuya ake pa khonde alikuocha cimanga caciŵisi. Anawasimbira mlandu wonse, poyembekeza kuti adzakwiyira mphunzitsi amene anakana kuchula njala yao ndi dzina lalikulu. Koma nkhalambayo inatembenuza cimanga pa makala, niseka pang'ono.

“Mdzukulu wanga, aphunzitsi akowo ndi munthu wanzeru. Kodi iwe uyesa njala ndi imodzi? Pali njala ya mwana wocokera ku sukulu, imene itha ndi mbatata imodzi. Pali njala ya m'dzinja, yobwera caka ndi caka nkhokwe ikatsika, imene itha maungu akayamba. Pali njala ya cilala, monga ya 1992 pamene tinadya cimanga cacikasu cocokera kunja, ndi iyi ya caka catha. Ndipo pali njala ina imene makolo anali kuisimba motsitsa mau, imene anthu anali kugwa m'njira, osoŵa ndi wowaika. Imeneyo sitinaione caka catha, ndipo usaiitane.”

“Koma Ambuya, munabvutika kwambiri. Ndinafuna kuti a ku Lusaka amve.”

“Tinabvutikadi, ndipo ulembe kuti tinabvutika. Koma pa bwalo la amfumu, munthu woberedwa nkhuku akanena kuti waberedwa ng'ombe, ataya nkhuku ndi mlandu womwe. Ndiponso wolumidwa ndi njoka akacita manyazi nanena kuti walasidwa ndi munga, sing'anga ampatsa mankhwala a munga. Iwe unena za nkhuku kuti nkhuku, za njoka kuti njoka.”

Usiku umenewo mtsikanayo anagona mocedwa. Anazindikira kuti zimene mphunzitsi anamphunzitsa m'miyezi itatu, ambuya ake anazidziŵa kale osaloŵa m'kalasi. Cinyanja comwe cisiyanitsa ng'amba ya masabata aŵiri ndi cilala ca caka conse. Cisiyanitsa kupereŵera ndi kusoŵeratu, colakwa ndi ngozi, ngozi ndi tsoka, matenda a munthu mmodzi ndi mliri wa dziko. Munthu wa pamudzi sasokoneza mau amenewa, cifukwa adziŵa kuti pa bwalo adzafunsidwa. Colakwa cake ca iye sicinali kucepa kwa Cingelezi. Cinali cakuti poloŵa m'Cingelezi anasiya pakhomo kusamala kumene anali nako m'cinenero ca kwao, nayamba kusankha mau monga munthu asankha cobvala ca pa ukwati, poyang'ana kuŵala kwake. Zoonadi, mau a akulu akoma akagonera.

Kuyambira pamenepo anadziikira lamulo. Asanalembe liu la Cingelezi lochula bvuto, anali kuyamba wadzifunsa mafunso anai m'Cinyanja. Kodi cinthuci ncacikulu motani, ndipo ndaciyesa ndi ciani? Kodi liuli lipatsa yani mlandu, ndipo mlanduwo ngwake? Kodi cinabala bvutoli nciani, ndipo ndatsimikiza kufikira pati? Kodi woŵerenga akakhulupirira liuli adzacita ciani, ndipo cimeneco cidzathandiza? Akayankha mafunsowa, liu loyenera linali kubwera lokha, ndipo nthaŵi zambiri linali lalifupi ndi lodziŵika. Anaonanso kuti pamene liu lalikulu limkaikitsa, njira yabwino ndi kuleka kuchula dzina la bvuto, nangofotokoza zimene zinacitika: anthu angati, anadya kangati, anagulitsa ciani, pa mtengo wanji.

Nzeru imeneyi si ya a ku koleji okha. Mnyamata kapena mtsikana aliyense wotsiriza sukulu adzapezeka tsiku lina alikulemba m'Cingelezi za bvuto la anthu ena: kalata ya ku khonsolo yonena za mjigo wa pamudzi, lipoti la pa kiliniki, mbiri ya msonkhano wa alimi, kapena pempho la mlatho. Anthu amene anamtuma sadzaŵerenga zimene walemba, ndipo amene adzaŵerenga sanaone zimene iye anaona. Iye yekha ndiye aima pakati. Akalemba kuti mjigo uli “faulty” pamene wauma, adzabwera makaniki ndi zitsulo zake m'malo mwa anthu okumba. Akalemba “outbreak” pa odwala aŵiri osagwirizana, aopsa boma lonse pacabe. Akalemba “a few cases” pamene mliri wayamba, acedwetsa thandizo. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluŵa. Ndipo wolemba wosasamala mau ndi kandimverere woopsa koposa, cifukwa zonena zake zikhala pa pepala zaka zambiri.

Lipoti la mtsikana uja linalandiridwa ulendo wacitatu. Ciganizo cake coyamba cinali citasanduka cotere: “Most households visited had lost their maize crop to drought, could not afford mealie meal, and were eating one meal a day.” Munalibe liu lalitali ngakhale limodzi, ndipo anzake a ku sekondale sakanacizindikira kuti ncake. Mphunzitsi sanalembepo kanthu ndi inki yofiira, koma anangoika kacizindikiro kakang'ono pambali pake.

Atapitanso kumudzi ananyamula lipotilo, ndipo ambuya ake anamuuza kuti awamasulire zimene analemba za iwo. Mtsikanayo anaŵerenga pang'ono-pang'ono, natembenuza m'Cinyanja: kuti mabanja ambiri amene anawayendera cimanga cao cinapsa ndi cilala, kuti analibe ndalama yogulira ufa, ndi kuti anali kudya kamodzi pa tsiku. Nkhalambayo inachera khutu kufikira atatsiriza, nikhala cete kanthaŵi.

“Ndi momwemo,” inatero. “Sunaonjeze, sunacotse. Zikadzabweranso, amene adzaŵerenga adzadziŵa cotitumizira.”